Ndine Ndinafupikitsa Agalu a ku Chiparamba

Ana inu, ndiyambe ndi kuulula, poti onse amene akanandikwapula anagona kale. Galu aliyense wamiyendo yaifupi amene mungakumane naye kuyambira ku Chiparamba mpaka ku Kasenengwa, uja woyenda mimba ikusesa fumbi, miyendo yakutsogolo itapindika ngati uta, dziwani kuti ndi ntchito ya manja anga. Ndinayambitsa ndine. Amene akudikira kuti ndipepese atenge mpando akhale, adikira nthawi yaitali.

Chandikumbutsa ndi chithunzi chija unanditumizira pafoni, iwe Tiyanjane, cha kagalu kanu ka ku Lusaka kovala juzi. Galu kuvala juzi! Ine juzi yoyamba ndinaivala ndili Fomu 1, nayonso yosiyidwa ndi achimwene. Koma ndinakayang'ana kagaluko mpaka foni inazima yokha, chifukwa timiyendo take ndinatidziwa. Ndinatembenuka kuti ndiuze munthu, ndiye ndinakumbuka kuti chichokereni ambuya anu aakazi m'nyumba muno chondiyankha ndi wailesi basi. Choncho ndagula kope. Mudzawerenge mukadzabwera, ngati mudzabwere.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Atate, amene kwa inu ndi agogo a makolo anu, anali mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale ku Chiparamba, munthu wophunzira ku mishoni, wovala tayi ngakhale m'mwezi wa Okutobala dzuwa likung'amba nthaka. Amayi anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Achemwali anga awiri anali atakwatiwa ku migodi, achimwene nawo anatsatira komweko. M'nyumba ya malata ya aphunzitsi munatsala atate, ine, ndi galu wamkazi amene atate anamutenga mwezi womwe tinaika amayi. Anamutcha Ndatsala.

Kale galu sitinkamutcha maina a m'mafilimu ngati inu. Dzina la galu linali kalata yopita kwa anansi. Ukamva munthu akuitana kuti, "Mumandida! Mumandida!" unkadziwa kuti pali wina kuseri kwa mpanda amene akuuzidwa mawu. Koma dzina la galu wathu silinkapita kwa mnansi aliyense.

Atate sankalankhula nane. Sikuti ankandida ayi, kungoti mawu awo onse ankathera m'kalasi, ndipo otsalawo ankapatsa Ndatsala. Madzulo akamachonga makope pakhonde, ndinkawamva akumuuza kuti, "Taona mwana wa a Sakala uyu, Ndatsala, wapezanso ziro." Ine ndili pomwepo ndikutsuka mbale. Galuyo ankadziwa zinsinsi za sukulu yonse, ine osadziwa ngakhale tsiku limene atate anabadwa.

Chaka chimenecho ndinali pakhomo chifukwa kusekondale anandibweza materemu awiri athunthu. Mlandu wake unali wa chitedze chimene chinapezeka m'mabulangete a mapulifekiti asanu ndi atatu. Inu simuchidziwa chitedze, mumangodziwa kuyabwa kwa udzudzu. Anyamata akuluakulu ometa ndevu anavina pabwalo la sukulu opanda ng'oma. Mpaka lero ndikakumbuka ndimatsamwa tiyi. Nditafika kunyumba ndi sutikesi yanga yachitsulo, atate anakweza maso pa kope, nati, "Wabwera." Basi. Bwenzi atandimenya, ndikanadziwa kuti andiona.

Tsono atate, ndi tayi yawo yomweyo, ankakonda uzimba. Udzu ukauma, anthu akayamba kutentha tchire, Loweruka ankavala kabudula wa khaki n'kupita ndi amuna am'mudzi kukasaka insa ndi ntchenzi. Ndatsala anali waliwiro, wamtali, wofiirira. Ndipo atate anali ndi loto limodzi: kuti adzabereke ana ndi Mkondo, galu wa a Thole a ku Mtenguleni. A Thole anali Mngoni wachikulire amene anadziwana ndi atate pa msonkhano wa mpingo. Za Mkondo ndinazimva miyezi. Miyendo ya Mkondo, chifuwa cha Mkondo, agogo ake a Mkondo amene anagwira nguluwe okha. Atate ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, akusisita mutu wa Ndatsala koma diso lili kwa ine: "Mbewu yabwino imabala zabwino. Zina sitidziwa kumene zimachokera."

M'nyengo yachisanu, anthu atakolola, Ndatsala anayamba kufunidwa ndi agalu aamuna. Atate anamutsekera m'khitchini masiku angapo, kenaka anandipatsa chingwe, mbatata zootcha ndi kalata.

"Yotamu, upite naye ku Mtenguleni. Ukagone masiku awiri. Panjira asayandikire galu wina aliyense. Wamva?"

"Ndamva, atate."

Ndinamvadi. Koma ku Mtenguleni ndi kutali, ana inu, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi, ndipo njinga atate sankabwereketsa. Pamene pa mphambano, mtunda wa ola limodzi kuchokera kwathu, panali chigayo cha a Lungu, kumene ine ndinkagayitsa chimanga. Atate anali asanapondeko, poti mphunzitsi sasenza thumba. Pachigayo pamenepo panali galu wamwamuna amene dalaivala wina wa lole anamusiya. Thupi lake linali la galu wamkulu, mutu waukulu, mawu ngati ng'ombe, koma miyendo ngati anaiiwala kwa telala isanathe kusokedwa. Yakutsogolo inali yokhota, mapazi oloza kunja. Anthu ankamutcha Benchi.

Nditafika pa mphambano, Benchi anatuluka atayera ndi ufa, nayang'ana Ndatsala. Ine ndinayang'ana Benchi. Mumtima ndinati, tiyeni tione mbewu yabwino ija.

Inu aang'ono tsekani makutu. Panali vuto la msinkhu: Benchi sankafikira. Anayesa, anagwa chagada, anayesanso. A Lungu anazimitsa injini kuti aseke bwino.

"Iwe mwana wa aphunzitsi, usiye! Uyu ngakhale nkhuku imamudumpha."

"Dikirani, a Lungu. Ku sekondale timaphunzira sayansi."

Ndinatsitsa Ndatsala m'ngalande ya kuseri kwa chigayo, Benchi n'kumuimika pamwamba pa gombe. Sayansi inagwira ntchito. Masiku awiriwo ndinakhala pachigayo, ndikuthandiza kunyamula matumba, kudya mbatata zanga ndi zitumbuwa za azimayi odzagayitsa. Kalata ya atate ndinayatsira moto. Nditabwerera ndinati a Thole apereka moni, ndipo Mkondo ndi wamtalidi monga amanenera. Atate anamwetulira. Ndinali ndisanaone mano awo chaka chonsecho.

Patapita miyezi iwiri, Ndatsala anaswa ana asanu ndi mmodzi pansi pa nkhokwe. Tiana ta galu tikangobadwa timafanana tonse, timatumba ta nyama topanda maso. Atate ankatiwerenga m'mawa uliwonse asanapite kukaimba belu. Ine ndinayamba kuganiza kuti ntchito yanga yapita pachabe.

Koma tianato titayamba kuyenda, zinaoneka. Atatu anakwera m'mwamba ngati mayi wawo. Atatu anakana. Thupi likukula, mutu ukukula, miyendo ili pomwepo. Mfundo za miyendo yakutsogolo zinatupa ngati mfundo za nzimbe, mafupa n'kupindikira kunja. Anzawo akathamangira bere, iwo ankabwera pambuyo akupalasa ngati abakha. Ndinapita kuseri kwa chimbudzi kukaseka mpaka misozi.

Atate sanaseke. Anatsitsa buku lawo la zaukhondo, lija ankaphunzitsira Giredi 6, natsegula pa chithunzi cha mwana wopindika miyendo.

"Matewe awa," anauza Ndatsala. "Kusowa dzuwa ndi chakudya cha mafupa. Ndalakwa ndine, ndinawasiya mumdima pansi pa nkhokwe."

Anthu am'mudzi ankanong'ona kuti ndi malodza, ena ankati mayi wapakati anawadumpha. Atate, munthu wa mishoni, zimenezo ankazinyoza. Iwo anali ndi buku. M'mawa uliwonse ndinkayanika tianato padzuwa pa chiguduli ngati ufa. Ndinkasinja kapenta ndi zikamba za mazira, kusakaniza ndi mkaka wa ng'ombe. Tianato tinanenepa, tinawala, miyendo osasintha. Pamenepo atate anadula nsungwi, naisema timitengo tosalala, nati tiwongole mafupa akadali anthete. Ine ndinkagwira, iwo ankamanga ndi luzi, mwendo uliwonse timitengo tiwiri.

Apa ndi pamene ndimadumpha ndikamasimba nkhaniyi pa maliro kapena pa ukwati. Inu ndikuuzani. Tianato tinkalira tsiku lonse, kulira kwake ngati kwa khanda. Luzi linadya khungu, panatuluka zilonda, ntchentche zinabwera. Ndatsala ankayesa kumasula ndi mano, atate n'kumukalipira. Iwo akalowa m'kalasi ine ndinkamasula, akamaweruka ndinkamanganso. Koma za Benchi sindinaulule.

Pali mwambo umene mwina simuudziwa, poti inu agalu mumagula m'sitolo. Mwini galu wamwamuna ndiye amayamba kusankha mwana, ena onse pambuyo. Atate zinawavuta. Akaitana bwanji a Thole kudzaona zoterezi? Analemba kalata yaulemu, masamba awiri, kufunsa ngati Mkondo anaberekapo ana otere. Wotumidwa ndinali ine ndemwe. Ndinakakhalanso kwa a Lungu masiku awiri, ndipo nditatsamiza pepala pa thumba la gaga ndinalemba yankho ndi dzanja lamanzere, kuti zioneke ngati a Thole auza mdzukulu wawo kuwalembera. Ndimaikumbukabe:

"Aphunzitsi, moni. Mkondo wabereka m'midzi isanu ndipo palibe mwana wake anakwawapo. Ife Angoni sitisunga mbewu yopunduka. Fufuzani m'nyumba mwanu. Ndine wanu, Thole."

Ndinanyadira, osanama. Mawu oti "ife Angoni" ndinawaganizira theka la tsiku.

Atate anaiwerenga ataimirira, anaiwerenganso atakhala. Anaipinda bwinobwino naiika m'Baibulo. Kenaka anayang'ana Ndatsala, amene anali atagona pamapazi awo, nasuntha mapaziwo.

Kuyambira tsiku limenelo analeka kulankhula naye. Madzulo ankachonga makope chete. Galuyo ankabwera kudzaika chibwano pa bondo lawo, iwo n'kuchichotsa ndi chigongono osamuyang'ana. Ankapita kukagona pakhomo la khitchini, maso ali kwa iwo. Ine poyamba ndinkadandaula kuti atate amalankhula ndi galu m'malo mwa ine. Tsopano ndinaona kuti nyumba imene munthu akulankhula ndi galu ndi nyumba yaphokoso. Tinkadya atatu, aliyense mbale yake, kumveka masupuni okha. Ndikakhala pano masana, mpando wa ambuya anu uli apo, ndimakumbuka masabata awiri amenewo kuposa chitedze.

Kenaka kunabwera uthenga woti a veti ochokera ku boma adzabaya agalu katemera wa chiwewe pa bwalo la sukulu. Masiku amenewo ankabwera ndi Landirova, bokosi la majekiseni, ndi mfuti ya agalu opanda mwini. M'mawa mwake bwalo linadzaza: agalu a zingwe za luzi, a matcheni a njinga, ena onyamulidwa m'matumba, onse akuuwana. Atate anavala jekete. Ine ndinanyamula tiana tathu m'dengu.

A veti anali bambo wamfupi wa ku Petauke, wolankhula mofulumira. Ataona m'dengumo anaika jekiseni pansi.

"Wamanga izi ndani?"

"Ndine," anatero atate. "Ndi matewe."

"Aphunzitsi, pepani, masulani. Si matewe awa. Matewe amamva chakudya ndi dzuwa, awa samva. Onani anzawo atatuwa, bere limodzi, dzuwa limodzi, ali bwinobwino. Apa ndi chichereŵechereŵe cha kunsonga kwa fupa, chija chimatalikitsa mwendo, chinabadwa chaulesi. Fupa limanenepa koma silitalika. Mungamange chaka chonse, mungowonjezera zilonda."

"Chimachokera kuti?"

"M'magazi. Kwa bambo, kapena kwa mayi, nthawi zina konsekonse. Galu wotere akabereka amapatsiranso ana ake."

Atate anayang'ana m'dengumo. Kenaka anati, "Bambo wake ndikumudziwa, alibe chilema. Ndili ndi kalata." Anapereka chingwe cha Ndatsala kwa a veti. "Mukamaliza kubaya, uyu ndi atatuwa muwaombere. Sindifuna kuwononga agalu a m'dera lino."

"Aphunzitsi, sikofunika kutero. Kungowaletsa kubereka basi."

"Galu wamkazi mungamuletse bwanji pamudzi? Ndanena."

A veti anamangirira Ndatsala ku bampala ya Landirova. Iye anakhala pansi mwaulemu, akugwedeza mchira, poganiza kuti mwina akupita ku uzimba. Atate anapita kukaima pansi pa mtengo wa mango, atatembenukira kwina, manja kumbuyo ngati akuyang'anira mayeso.

Ndinawerenga mzere: panatsala agalu ngati makumi atatu. Njinga ya atate inali itatsamira khoma la ofesi, ija sinakhudzidwepo ndi munthu wina chigulireni. Ndinaikwera.

Sindikudziwa mmene ndinafikira pa mphambano. A Lungu ndinangowauza kuti, "Ndabwereka Benchi!" Ndinamuponya m'thumba la ufa, mutu kunja, kumumanga pa keliyala. Analira njira yonse ngati ng'ombe yopita kokaphedwa, azimayi m'njira akuthawira m'tchire. Pa mtsinje tcheni linagwa, ndinalibweza. Ndikulowa pabwalo, mzere unali utatha, a veti akupukuta mfuti ndi kansalu, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kumaliza.

Ndinamasula thumba, ndinakhuthula Benchi pakati pa bwalo, ndinatulutsa tiana titatu tija n'kutindandalika pambali pake.

Benchi anadzikung'untha, ufa n'kuti fuu. Anaima ndi miyendo yake ya uta, mapazi kunja. Tianato tinaima chimodzimodzi, mapazi kunja. Ndatsala anamulira mwachikondi ali ku bampala.

Kenaka mayi wina wogulitsa nthochi anakuwa kuti, "Aphunzitsi, mkamwini wanu wafika!"

Anthu anagwa nacho chiseko. A veti anakhala pansi pa fumbi, mfuti pamiyendo, akupukuta misozi. Ana asukulu anatuluka m'makalasi. Atate okha ndi amene sanaseke. Anabwera pang'onopang'ono, nayang'ana Benchi, nayang'ana ine.

"Ku Mtenguleni unafika?"

"Ayi, atate."

"Kawiri konse?"

"Kawiri konse."

"Kalata ija?"

"Ndinalemba ndine. Ndi lamanzere."

Ndinakonzeka kulandira khofi pamaso pa sukulu yonse. Koma anandidutsa, napita ku Landirova, nagwada ndi thalauza lawo la Lamulungu pa fumbi, namasula chingwe. Ndinawamva akunena motsitsa, "Tiye kunyumba, mayi. Ndinakunamizira." Anapita awiriwiri, njinga anaisiya pomwepo.

A veti anandithandiza kudula luzi lija, napaka mankhwala abuluu pa zilonda. Anandiuza kuti tianato tisanenepe kwambiri, tisamadumphe pamalo okwera, ndipo tisabereke. Ziwiri zoyambazo ndinasunga. Chachitatucho munthu angachisunge bwanji? Anthu atazindikira kuti tiagalu timeneti timalowa kuuna kwa ntchenzi kumene agalu aatali amangouwira panja, aliyense anafuna kake. Ndi mmene tinafalikira. Koma musamangoseka mukationa. Kanga, kamene ndinakatcha Mtondo, kanakhala nane zaka zisanu ndi zinayi, ndipo zaka zitatu zomalizazo mfundo zinkakapweteka moti m'mwezi wa Juni kankalephera kudzuka. Ndinkakanyamula kukaika padzuwa, ndili kale bambo wa ana awiri. Kanuko ka juzi muzikayang'anira msana, musamakakweze pa sofa.

Za chilango. Atate sanandikhudze. M'mawa mwake anandidzutsa, dengu lili kale pakhomo, tiana titatu tili momo. Anandipatsa kalata yanga yabodza ija, ndi ina yawo yomata.

"Mwambo ndi mwambo. A Thole ananamiziridwa, ndiye asankhe mwana ndi iwo. Upite wapansi, dengu pamutu. Ukagwade, ukawawerengere zimene unalemba m'dzina lawo, ndi mawu okweza. Ukatha uwapatse iyi."

Ndinayenda tsiku lonse, ana inu. Dzuwa la Okutobala, tiagalu tikundikodzera m'khosi, ana a m'midzi akunditsatira kufunsa ngati ndikugulitsa abakha. Ndinafika dzuwa litapendeka. A Thole ndinawapeza pansi pa mtengo akusema mpini, Mkondo atagona pambali. Anali wamtalidi, pamenepo pokha sindinaname.

Ndinagwada, ndinafotokoza zonse, ndinawerenga kalata. Atamva "ife Angoni sitisunga mbewu yopunduka," anaimitsa kasemasema.

"Bwereza pamenepo."

Ndinabwereza.

"Ndinanena ine zimenezo?"

"Ayi, agogo. Ndine."

"Hm. Koma ndinalankhula bwino."

Anasuzumira m'dengu, natulutsa kamodzikamodzi, akukatembenuza. Mkondo anadzuka kudzanunkhiza, kamodzi n'kumuluma mphuno. A Thole anati, "Aka ndi kanga. Kali ndi mtima." Kanali kafupi kuposa tonse.

Ndinawapatsa kalata ya atate. Anaitembenuza uku ndi uku, nandibwezera. "Maso anga sanapite kusukulu. Werenga ndiwe, mlembi wanga."

Ndinaimatula. Munali mzere umodzi: "Chonde mumukwapule zikoti sikisi, ine dzanja langa lingapitirire." Ndinakonza kukhosi, ndinawerenga momveka bwino kuti, "Chonde mumukwapule zikoti ziwiri."

A Thole anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Aphunzitsi ndi munthu wachifundo," anatero. "Ziwirizo ndi zawo. Ine ndiwonjezera zinayi za kalata yanga."

Anathyola nthambi ya mpesa wa m'tchire, ine ndinagona chafufumimba pa mphasa. Choyamba chinalowa, chachiwiri chinalowa. Pa chachitatu tiagalu tija tinaona ngati ndi masewera, tinayamba kundikwera pamsana, tikugwa, tikukweranso. Nkhalambayo inkafunafuna malo oti imenye osaphwanya galu wake watsopano. Ine ndinayamba kuseka, nkhope ili m'mphasa. Pa chachisanu nawonso chiseko chinawagwira, anataya nthambi, anakhala pansi akutsokomola, akuti, "Choka apa, mwana woipa iwe, kasambe udye."

Chachisikisi anapita nacho kumanda, ndipo ine sindinapiteko kukachifunsa.